V-Strom 650XT patapita zaka: njinga yomwe sindikuganiza zoigulitsa

Ambiri akamalemba za njinga yamoto amakhala kuti aikwera masiku awiri atatu basi, ikadali kununkhira utsopano, nde chilichonse chimaoneka chokoma. Ine ndinati ndidikire kaye mpaka pa thanki patayamba kuoneka zikande za zipi ya jekete, matayala nditasintha kangapo, tcheni ndi masipuloketi nazo zitapita, kuti ndidzanene zomwe ndaziona ndekha osati zongomva. Njinga yake ndi Suzuki V-Strom 650XT, ija ya mtundu womwe unayamba kutuluka mu 2017, ndipo ndakhala nayo zaka ndithu, ndimapita nayo kuntchito, ndimayenda nayo maulendo ataliatali, mvula kaya dzuwa, phula ndi fumbi lomwe. Ndinene poyera kuti ndimaikonda njinga imeneyi, koma chikondicho sichinabwere tsiku loyamba ayi, chinachita kukula pang'onopang'ono, ndipo zimenezi nzofunika kuti muzidziwe ngati mukuganiza zogula njinga ya adventure (zija zopangidwira maulendo ataliatali paphula ndi pafumbi pomwe) ya saizi yapakati.

Tsiku loyamba kuikwera siikudzidzimutsani. Mukapotokola mafuta siidumpha ngati ikufuna kukutayani, kulira kwake nkofatsa, ndipo anzanu akaiona pamalo oimika sathamangira kudzaijambula. Munthu woti wabwera kudzaiyesa kwa mphindi zochepa atha kutsika nkunena kuti aaa njinga iyi ndiyozizira, ilibe moto. Ndimawamvetsa. Kungoti zinthu zomwe zimasangalatsa mu mphindi khumi zoyambirira ndi zomwe zimakusungitsa njinga zaka nzosiyana kwambiri, ndipo V-Strom iyi mphamvu zake zonse zili ku mbali yachiwiriyi.

Tiyambe ndi injini poti mtima wa nkhani uli pamenepa. Ndi V-twin ya 645cc, masilinda awiri otalikirana madigiri 90, yozizira ndi madzi, ndipo inachokera ku SV650, njinga ina ya Suzuki yomwe inatuluka mu 1999, V-Strom 650 yoyamba nkubwera mu 2004. Ndiye kuti injini imeneyi yakhala pamsewu zaka zoposa makumi awiri akumangoikonza apa ndi apo, mapulagi awiri pa silinda iliyonse, fuel injection, zina ndi zina, koma maziko ake ndi omwe aja. Mphamvu ndi mahatchi pafupifupi 70, torque (mphamvu yokokera) 62 Nm, manambala oti papepala sachititsa chidwi masiku ano. Koma mmene imaperekera mphamvuzo ndi nkhani ina. Chifukwa cha madigiri 90 aja mapisitoni awiriwo amathetsana kugwedezeka mwachibadwa, nde mukamayenda sipidi ya pamsewu waukulu mu giya 6 manja sachita dzanzi, magalasi amaonetsa zakumbuyo bwinobwino, ndipo mutha kukhala chonchi maola osamva kuti injini ikuvutika. Pansi imakoka mofatsa, mutha kuzungulira pa roundabout mu giya 3 osagwiragwira kilatchi, ndipo mukaikweza kupitirira 6,000 rpm imadzuka ndithu, kulira kumasintha, kudutsa mathiraki awiri otsogozana sinkhani olo mutanyamula munthu kumbuyo. Ine chomwe chimandigwira mtima nchoti pa zaka zonsezi sinandipatsepo chifukwa choganiza za iyo. Kukuzizira mmamawa ndimadina batani kamodzi ndi kusiya, imadzilizira yokha mpaka italira, Suzuki amaitcha Easy Start imeneyo. Palinso Low RPM Assist yomwe imakweza injini pang'ono mukamasiya kilatchi kuti isazime, poyamba ndinkaona ngati nzosafunika kwa munthu wodziwa kale kukwera, koma mukakhala mu mdipiti wa magalimoto mutatopa, kapena mukunyamuka pa chitunda muli ndi katundu, mumayamika kuti ilipo.

Mafuta imamwa mwaulemu. Thanki ndi ya malita 20, ndipo kwa ine pa kayendetsedwe kabwinobwino ndimapeza makilomita oposa 20 pa lita, nthawi zambiri kuposerapo ndithu, ndiye kuti kudutsa makilomita 400 pa thanki imodzi nzotheka ngati simukuthamanga mopenga. Mukaika mabokosi akuluakulu mmbali nkumalimbana ndi mphepo ya kutsogolo pa sipidi yayikulu imayamba kumwa, palibe matsenga apa. Koma mtendere womwe umabwera podziwa kuti olo filling station yomwe mumadalira mwaipeza ilibe mafuta mutha kufika ina, umenewo ndi waukulu, ndipo paulendo wautali umasintha mmene mumaganizira. Pa dashibodi imakuonetsani makilomita otsala, giya yomwe muli, mphamvu ya batire ndi kutentha kwa kunja, sikirini yake ndi yachikale, ya LCD ndi muvi wa rpm, koma imawerengeka padzuwa ndipo sinandisokonezepo.

Tsopano kulemera, poti apa mpomwe anthu amanamizana kwambiri. Akamati saizi yapakati musaganize kuti ndi kanjinga kopepuka. XT iyi ndi makilogalamu 216 itadzaza mafuta, chishalo chili pa 835 mm kuchokera pansi, ndipo thanki ikadzaza kulemerako kumamveka kuti kuli mmwamba. Ikamayenda kumasoweratu, imagona pa kona mosavuta, mahandulo ndi otambalala nde mumaiwongolera ndi zala. Vuto limabwera pa sipidi ya munthu woyenda pansi, potembenuka pamalo opanikiza, pokankha chammbuyo pamalo otsetsereka, kapena phazi likaponda pa timiyala mutaima. Njinga ya mtundu uwu tsiku lina idzagona pansi basi, kaya ndinu katswiri kaya ayi, ndipo funso lenileni ndi loti mutha kuidzutsa nokha? Ya makilogalamu 216 munthu mmodzi amaidzutsa ngati akudziwa njira yake, kuika mu giya, kuitembenukira msana, dzanja lina pa handulo lina pa chogwirira cha kumbuyo nkukankha ndi miyendo osati msana. Yerekezani ndi R 1250 GS Adventure ya BMW yomwe ndi makilogalamu 268, njinga yabwino zedi, koma makilogalamu 50 owonjezerawo pamchenga masana dzuwa likuswa mtengo muli nokhanokha ndi nkhani ina. Apa mpomwe ndinamvetsa chifukwa chake anthu ambiri amayamba ndi yapakati, kupita ku yayikulu, kenako nkubwereranso. Kwa anzanga aafupi msinkhu, zishalo zotsika zilipo zogula padera, koma kayeseni kaye kukhalapo musanagule, kuti muone ngati mapazi akufika mokwanira kuti mtima ukhale mmalo.

Kakhalidwe kake pa njinga ndi komwe kamandisunga. Msana umakhala woongoka, mawondo sapindika kwambiri, manja amafika pa mahandulo osachita kudziponya kutsogolo. Chishalo chomwe imabwera nacho ndi chabwino kwa maola angapo, kenako matako amayamba kudandaula, monga zimakhalira pa njinga iliyonse, mankhwala ake ndi kuimirira pa mapedulo pang'ono msewu ukakhala woongoka kapena kungoima nkuwongola miyendo. Galasi la kutsogolo lotchinga mphepo limasunthika malo atatu koma mpaka mumasule mabawuti ndi sipanala, simungasinthe mukuyenda. Ndipo nkhani ya mphepo yogunda helemeti ndi yodziwika pa njinga za adventure zambiri, okwera aatali amaidandaula kwambiri, mutu umachita kugwedezeka ndipo phokoso lake limatopetsa kuposa kuyendetsa kwenikweniko. Zimatengera kutalika kwanu ndi helemeti yanu, nde palibe yankho limodzi. Ena amaika galasi lalitali, ena lalifupi kwambiri kuti mphepo igunde pachifuwa mutu ukhale mu mpweya wosalala, ena amawonjezera kachidutswa pamwamba. Ine kachidutswa kapamwamba kaja kanandithandiza, kuphatikiza zotseka mmakutu zomwe ndikulimbikitsa aliyense woyenda mitunda italiitali, makutu akawonongeka ndi mphepo sabwereranso.

Wokwera kumbuyo amakhala bwino, malo ndi okwanira, zogwirira ndi zolimba ndipo kaliyala imabwera kale. Chomwe ndimayamikira nchoti shoko ya kumbuyo ili ndi kachitsulo kopotokola ndi dzanja mmbali, mukanyamula munthu kapena katundu mumangopotokola kulimbitsa sipuling'i, osafuna zida. Ambiri sakagwira nkomwe kachitsulo kameneka, amangokweza munthu ndi mabokosi nkumadabwa kuti njinga ikuyenda mphuno ili mmwamba, kutsogolo kukupepuka, nyali ikuthobwa anzawo mmaso usiku. Potokolani, ndipo muwonjezere mpweya mu tayala la kumbuyo monga buku likunenera, njinga imasinthiratu.

Nde tifike pa fumbi, poti dzina loti adventure limalonjeza zambiri. Kunena zoona V-Strom 650 ndi njinga ya paphula yomwe siopa msewu woipa, osati njinga ya mtchire. Tayala la kutsogolo ndi la mainchesi 19, kumbuyo 17, mpata wa pansi pa injini ndi 170 mm, mashoko amayenda pafupifupi 150 mm kutsogolo. Ikani pambali pa Yamaha Ténéré 700 yomwe ili ndi 21 kutsogolo, 18 kumbuyo, mpata wa 240 mm ndi mashoko oyenda 210 mm, muona kuti awa ndi anthu awiri osiyana ntchito. Pa msewu wa miyala yothira, wafumbi wouma, wa maenje, phula lokumbikakumbika lomwe galimoto zazing'ono zimayenda mozembazemba, V-Strom ili pakwawo, mumaimirira pa mapedulo, kumasula manja, maso patali, imangodutsa. Pa tizitunda tija tokhala ngati malata imagwedeza koma imapirira mukapeza sipidi yoyenera. Koma mukalowa pa miyala ikuluikulu, mikwasa yakuya kapena kuyesa kudumpha, mashoko amafika pamapeto msanga ndipo pansi pamagunda. Ndipo pansipo pali zinthu zofunika, silinda ya kutsogolo inagona choloza tayala, paipi ya ekizozi imadutsa mmunsi, ndipo filita ya oyilo ili poyera kuseri kwa tayala la kutsogolo komwe miyala yonse imathamangira. XT imabwera ndi chotchinga chapansi koma ndi cha pulasitiki, chimathandiza pa timiyala ndi matope basi. Ngati mukudziwa kuti muzichoka paphula, chinthu choyamba kugula ndi bash plate, chotchinga chachitsulo cha pansi pa injini, kenako crash bars, zitsulo zoteteza mmbali njinga ikagwa, zina zonse zitha kudikira.

Mchenga wakuya ndi matope oterera, apo nde sindikunamizani, ndi ntchito. Tayala la 19 limakonda kukumba mmalo moyandama, kulemera kuja kumabwerera konse, ndipo mumafika kutsidya thukuta lili kamukamu. Zimatheka, ndadutsamo, mumatsamira kumbuyo, mafuta osasiya, osagwira buleki ya kutsogolo, traction control (yoletsa tayala la kumbuyo kuterereka mukapotokola mafuta) mutaizimitsa poti ikakhala yoyaka imadula mphamvu pomwe mukuzifuna kwambiri. Ili ndi ma level awiri ndi kuzimitsa, ndipo batani lake lili pafupi ndi chala chamanthu cha kumanzere, zosavuta. Pamvula paphula ndimaika pa 2 ndipo yandigwirirapo ntchito pa mizere yopenta ija yoterera. ABS, yoletsa matayala kugwiriratu mukagwira buleki, nde ilibe batani lozimitsira. Paphula ndi mpulumutsi, sindingafune njinga yopanda ABS, koma potsika chitunda cha miyala yoyendayenda mumafuna tayala la kumbuyo lizikhoza kugwira nkukumba pansi, pomwe ABS imangomasula buleki njinga nkumapitirira. Njira yake ndi kutsika ndi giya yotsika, injini izigwira yokha, ndipo V-twin iyi imagwira bwino mukasiya mafuta, koma ndikanakonda batanilo likanakhalapo.

Matayala ndi nkhani yomwe ndingakambe tsiku lonse chifukwa palibe chomwe chimasintha njinga iyi kuposa iwo. Saizi yake ndi 110/80 R19 kutsogolo ndi 150/70 R17 kumbuyo, saizi yofala kwambiri pa njinga za adventure nde mitundu yosankha ndi yambiri. Omwe imabwera nawo ndi a paphula kwenikweni, amagwira bwino pa kona ndi pamvula, amakhalitsa, koma pa udzu wonyowa kapena matope amangosanduka sopo. Ndinayesapo a mano akuluakulu aja, pa fumbi njinga inakhala ngati ina, kutsogolo kumaluma pansi, mtima umakhala mmalo, koma paphula amalira, amanjenjemeretsa mahandulo pa sipidi yotsika, pa mvula muyenera kusamala, ndipo lakumbuyo limatha msanga kwambiri mukamayenda msewu waukulu kukutentha. Panopa ndinakhazikika pa apakati, aja amati 70/30 kapena 80/20, kutanthauza gawo lalikulu la paphula laling'ono la pafumbi, chifukwa nditakhala pansi nkuwerengera moona mtima ndinapeza kuti ulendo wanga wambiri ndi wa paphula, fumbi limabwera kumapeto kwa ulendo kapena pa weekend. Ndipo ndikuganiza kuti okwera ambiri a njinga za adventure ali chimodzimodzi olo zithunzi zomwe timaika pa Facebook zimakhala za kuphiri. Gulani tayala la msewu womwe mumayendadi.

Chomwe chinandipangitsa kusankha XT mmalo mwa V-Strom 650 wamba ndi mawilo. Ndi a masipoko koma tubeless, masipoko ake sabowola pakati pa limu nde mpweya suthawa. Masipoko amapirira kugunda dzenje kuposa mawilo oumba aja omwe amatha kusweka kapena kupindika, ndipo tubeless ndiye kuti msomali ukalowa simuchotsa wilo, mumazula msomali, kulowetsa kachingwe komata kaja, kupopa ndi kapampu kolumikiza ku soketi kapena ku batire, mphindi zochepa mwanyamuka. Amene anayesapo kuchotsa tayala la kumbuyo la njinga yayikulu mmbali mwa msewu kuti amate chubu, ndi zitsulo zitatu ndi manja otupa, akudziwa kuti ichi sichinthu chaching'ono. Njinga zambiri za 21 kutsogolo zimabwera ndi machubu, ndipo kwa munthu woyenda yekha ichi chokha chitha kusankhitsa njinga. Mbali ina yake njoti masipoko amafuna kutsuka ndi kuwayang'ana, kuwagogoda ndi sipanala kumva ngati lina lamasuka, ndipo mukawalekerera ndi matope amayamba kuchita dzimbiri.

Kusamala njinga iyi sikovuta, ndipo zambiri ndimapanga ndekha. Oyilo ndi filita ndi ntchito ya mphindi zochepa poti filita ija ili poyera, kuipa kwake kuja pa miyala kumasanduka ubwino pa sevisi. Kilatchi ndi ya kebulo, mafuta ndi a kebulo, zinthu zoti makaniko aliyense wodziwa njinga amazimvetsa ndipo kebulo yapadera imakwana mthumba. Tcheni nde chimafuna chikondi, kutsuka ndi kuthira mafuta ake pafupipafupi makamaka mukayenda pamvula kapena pafumbi, ndi kuona kuti kulendewera kwake kuli pakati pa 20 ndi 30 mm. Musamange kwambiri poganiza kuti ndi bwino, tcheni cholimba mopitirira chimadya masipuloketi ndi mabering'i. Chikatha sinthani zonse pamodzi, tcheni ndi masipuloketi onse awiri, ndipo apa musaumire, tcheni chotchipa chosadziwika komwe chachokera chimatambasuka msanga nkudya sipuloketi yatsopano. Sitandi yapakati siibwera ndi njinga, ndinachita kuwonjezera, ndipo pa zonse zomwe ndinaikapo iyi ndi yomwe ndimagwiritsa ntchito kwambiri, kuthira mafuta tcheni kumakhala kosavuta, kuchotsa wilo chimodzimodzi.

Pomwe pamafunika kuleza mtima ndi filita ya mpweya ndi mavavu. Filita ya mpweya ili pansi pa thanki, ndiye kuti mumasule mapulasitiki a mmbali, tizomangira tambirimbiri tija tosachedwa kusowa, nkukweza thanki kuti muifikire. Kwa woyenda paphula sinkhani poti ndi mwa apo ndi apo, koma ngati mumayenda pafumbi kumbuyo kwa anzanu muyenera kumaiyang'ana kawirikawiri kuposa mmene buku likunenera, ndipo ntchito yakeyo imagwetsa ulesi. Mavavu amayenera kuyezedwa pa makilomita 24,000 aliwonse, ndipo poti ndi V-twin mitu ndi iwiri, wa kutsogolo uli kuseri kwa redieta, wa kumbuyo pansi pa thanki, nde ntchito ndi yochuluka kuposa pa injini ya masilinda ogundizana. Ambiri amadumpha sevisi imeneyi poti njinga ikuyendabe bwino. Ine ndimati ayi, kayezetseni kwa makaniko woti mumamukhulupirira ndipo akulembereni manambala omwe wapeza, chifukwa mavavu akamatha mpata samveka phokoso, amangokhala chete mpaka tsiku lomwe injini yayamba kuvuta kulira. Kanthu kena kakang'ono, tayala la kutsogolo limaponyera madzi ndi matope pa silinda ya kutsogolo ndi pa redieta, nde kachidutswa kotalikitsa madigadi nkothandiza, ndipo potsuka muzichotsa matope mu redieta ndi madzi ofatsa osati a mphamvu aja opinda timapepala take.

Mashoko ndi mabuleki ndi pomwe mumaona kuti njinga iyi anaipanga kuti anthu ambiri aikwanitse. Mabuleki a kutsogolo ndi madisiki awiri a 310 mm, amaimitsa njinga bwinobwino koma muyenera kufinya ndithu, alibe kuluma kuja kwa chala chimodzi. Mapadi abwino ndi kusintha brake fluid zaka ziwiri zilizonse zimathandiza kwambiri. Mafoloko a kutsogolo ndi ofewa, pa maenje ndi abwino, koma mukagwira buleki mwamphamvu mphuno imamira. Makilomita akachuluka oyilo wa mmafoloko amatopa, pa njinga iliyonse zimatero, ndipo poti zimachitika pang'onopang'ono simuzindikira mpaka mutasintha nkudabwa kuti kani njinga yanga inkayenda chonchi. Kwa munthu wolemera thupi kapena wokonda kunyamula katundu, masipuling'i olimbirapo ndi ndalama yogwiritsa bwino kuposa ekizozi yaphokoso. Nyali ndi za halogen, ziwiri zosanjikizana, zimaunika mokwanira mtauni koma pa msewu wamdima wopanda magetsi ndinawonjezera tinyali tiwiri ta LED pa crash bars, zimathandizanso kuti a galimoto akuoneni masana. Cruise control (yosunga sipidi yokha) palibe, quickshifter (yosinthira magiya osagwira kilatchi) palibe, ma riding mode (osinthira kachitidwe ka injini) palibe, foni siilumikizana ndi dashibodi. Pa zonsezi chomwe ndimachisowa ndi cruise control yokha, pa msewu woongoka wautali dzanja lamanja limatopa.

Ndakwerapo njinga za anzanga ndipo sindinganame kuti mtima sunagwedezeke. Ténéré 700, yomwe inabwera mu 2019 ndi injini ya 689cc, pa fumbi ndi chilombo, imadutsa malo omwe ine ndimachita kuwerenga mwala uliwonse, koma chishalo chake ndi chachitali komanso chopyapyala, thanki ndi malita 16, ndipo patapita maola paphula ndinayamba kuikumbuka yanga. Honda CB500X, yomwe pano akuitcha NX500, ndi ya 471cc, yopepukirapo, yomwa mafuta pang'ono, kwa woyamba kumene kapena woyenda yekha ndi njinga yanzeru kwambiri, kungoti mukakweza munthu ndi katundu pa chitunda mumafuna mphamvu zina. Kawasaki Versys 650 ili ndi mawilo a 17 kutsogolo ndi kumbuyo, paphula lokhotakhota ndi yokoma koma fumbi si mbali yake. Ndipo Suzuki yemweyo mu 2023 anatulutsa V-Strom 800DE, ya 776cc, masilinda awiri ogundizana, 21 kutsogolo, yomwe ikuyankha madandaulo ambiri omwe ndatchulawa pa nkhani ya fumbi. Zonsezi ndi njinga zabwino ndipo iliyonse imaposa 650 pa chinthu china chake. Koma ndikaika pamodzi zonse zomwe ndimachita ndi njinga pa chaka, kuntchito mkati mwa sabata, ulendo wautali ndi munthu kumbuyo, msewu wafumbi wopita komwe ndikufuna kukafika, kuisamala ndekha pakhomo, sindinapeze yondipangitsa kuti ndisinthe.

Pali chinthu china chomwe sichilembedwa pa pepala la manambala. Njinga yokwera mtengo kwambiri, yodzaza zamagetsi, yonyezimira, imakupangitsa kuganiza kawiri musanaitulutse, mvula ikamaopseza mumati ndingotenga galimoto, msewu ukaoneka woipa mumabwerera poopa kuikanda. Iyi ayi. Ndimaitulutsa osaganiza, ikada ndimatsuka, ikakandika pa crash bars ndimapaka penti nkupitiriza, ndipo chifukwa cha chimenecho ndayenda nayo kwambiri kuposa njinga ina iliyonse yomwe ndinakhala nayo. Ndaona malo ambiri chifukwa choti pa mphambano ndinalibe mantha okhotera njira yomwe sindikuidziwa.

Kwa amene mukufuna yogwiritsidwa kale ntchito, poti zilipo zambiri pamsika ndipo injini yake imakhalitsa ikasamalidwa, musaope makilomita ambiri, opani njinga yopanda mbiri ya sevisi. Pitani mukaione injini ili yozizira, gwirani ndi dzanja kutsimikiza kuti sanaitenthetse kale, mumve mmene ikulirira koyamba ndipo muone ngati ikutulutsa utsi. Gwadani muyang'ane pansi, paipi ya ekizozi ngati inaphwanyika ndi miyala, malo ozungulira filita ya oyilo, redieta ngati inapindika kapena ikudontha. Mano a sipuloketi akakhala osongoka ngati mbedza dziwani kuti tcheni chonse chikufuna kusintha. Mafoloko asakhale ndi oyilo wotsikira mmunsi, tsamiritsani njinga kuti tayala la kutsogolo likhale mmwamba nkutembenuza mahandulo uku ndi uku kumva ngati akukodwa pakati, chimenecho ndi chizindikiro cha mabering'i otha. Kumapeto kwa mahandulo, ma lever ndi mapedulo zimakuuzani ngati inagwapo, kugwa itaima sinkhani, koma zikande zazitali zoonetsa kuti inakhwekhwereka pa sipidi zikufuna mafunso ambiri. Funsani ngati mavavu anayezedwapo ndipo akuonetseni pepala. Ndipo dziwani mtundu womwe mukugula, ya 2004 mpaka 2011 ili ndi thanki ya malita 22, ya 2012 inatsika kufika 20 ndipo inasintha maonekedwe, traction control inabwera mu 2017.

Ngati maloto anu ndi kukwera mapiri a miyala ndi kuwoloka mchenga tsiku lonse, iyi si njinga yanu, pitani ku ya 21 kutsogolo kapena yaing'ono yopepuka kwambiri, musangalala kuposa. Ngati mukufuna yothamanga yoti mtima uzigunda nthawi iliyonse mukapotokola mafuta, mudzaitopa msanga. Koma ngati mukufuna njinga imodzi yokha mu galaja, yoti muzipita nayo kuntchito lolemba, loweruka nkukweza mnzanu ndi zikwama kupita kutali osadera nkhawa kuti phula lithera pati, ndikuivomereza ndi mtima wonse. Yanga ikudikira matayala atsopano ndi oyilo wa mmafoloko mwezi ukubwerawu, ndipo ndikuganiza zoyesa masipuling'i olimbirapo kutsogolo nthawi yomweyo poti mafolokowo akhala atatsegulidwa kale.